Paipi ya madzi yokwiriridwa mozama: mmene yagwirira ntchito chisanu chitadutsa

Mu Okutobala 2022 tinachotsa paipi yakale ya mtovu yomwe inkabweretsa madzi m'nyumba yathu kufupi ndi Leeds, ku England, n'kuikapo ya pulasitiki ya buluu ya mtundu wotchedwa MDPE, ya mamilimita 25 m'mimba mwake. Nyengo yozizira yonse yadutsa pamodzi ndi mvula ya miyezi yotsatira, choncho tsopano ndingathe kunena molimba mtima za ntchitoyi.

Malamulo a kuno a za mapaipi a madzi, a chaka cha 1999, amafuna kuti paipi ikwiriridwe pa kuya kosachepera masentimita 75 koma kosapitirira 135. Kwa munthu amene anakulira ku Malawi, komwe paipi timangoibisa kuti khasu ndi dzuwa zisaiwononge, ngalande yozama chonchi imaoneka ngati kutaya thukuta pachabe. Koma madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, zomwe zimang'amba paipi kapena kumasula polumikizira, ndipo popeza chisanu chimalowa m'nthaka kuchokera pamwamba, dothi lakuya ndilo limasunga kutentha kokwanira kuti madzi asaundane.

Dothi la pakhomo pathu ndi la makande, lomwe limakakamira ku fosholo kukanyowa, motero tinabwereka makina aang'ono okumbira, kupatula pafupi ndi paipi ya gasi pomwe tinakumba ndi manja mosamala. Pansi pa ngalande tinayala mchenga kuti miyala yakuthwa isakhudze paipi, ndipo sitinakwirire mpaka woyendera wa kampani ya madzi atabwera kudzayeza kuya kwake.

Mayeso enieni anabwera mu Disembala 2022, pamene dziko lonse la Britain linazizira koopsa kwa masiku oposa sabata, kenako kunja n'kufunda mwadzidzidzi. Mapaipi ambiri anaphulika nthawi imeneyo, ndipo mumsewu mwathu munali nyumba zomwe zinakhala zopanda madzi. Kwathu mpopi wa m'khitchini sunasiye kutuluka ngakhale m'mawa umene udzu wa pabwalo unkathetheka pouponda.

Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti kuya kwa ngalande kumateteza paipi pokhapokha pamene ili pansi. Malo oopsa ndi pomwe imakwera kulowa m'nyumba, chifukwa pamenepo imadutsa m'dothi losazama ndi pafupi ndi khoma lozizira. Pulamba wathu anailowetsa m'paipi ina yaikulu, naikuta ndi chofunda chake, n'kutseka kukamwa konse kuwiri kuti mphepo ndi tizilombo zisalowe, ndipo ndimaona kuti ndalama za gawo limeneli ndizo zinagwira ntchito koposa. Mpopi wa panja sutetezeka ndi ngalande m'pang'ono pomwe, kotero timautsekera m'nyumba ndi kukhetsa madzi otsalamo chisanu chisanayambe.

Chokhumudwitsa chilipo chimodzi. Ngakhale tinapondaponda dothi pokwirira, makande anatitimira mvula itawalowa, ndipo pofika mu Epulo mzere wa ngalande unkaoneka bwino lomwe kuyambira pa geti mpaka pa khoma, madzi akudikha pamenepo. Tinathirapo dothi lina ndi kufesanso udzu, koma njerwa za panjira zinafunika kuzula ndi kuyalanso. Amene akufuna kuyala njerwa pamwamba pa ngalande yatsopano adikire kaye nyengo imodzi ya mvula kuti dothi likhazikike.