Ndemanga: trash-cli ndi yoyenera pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu ambiri

Amene amagwiritsa ntchito Linux polemba malamulo pa terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta) amalidziwa bwino lamulo la rm, lomwe lakhalapo kuyambira m'chaka cha 1971 pamene Unix inkayamba ku Bell Labs. Ndi lachangu ndipo silifunsa, chifukwa mukangolemba rm ndi dzina la fayilo, fayiloyo imachoka pomwepo osadutsa mu bini. M'malo otayipira ndi kusindikizira zikalata muno mu Mzuzu, makamaka cha ku Luwinga komwe ophunzira a pa Mzuni amadzadza nyengo yopereka ntchito zawo ikakwana, kompyuta imodzi imadutsa m'manja mwa anthu angapo pa tsiku, ndipo pamalo otere lamulo losafunsali n'loopsa. Chifukwa chake ndimayamikira trash-cli, kapulogalamu kaulere kosamutsira mafayilo ku bini m'malo mowafufutiratu, kolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Python ndi Andrea Francia, komwe pa Ubuntu (mtundu wina wa Linux) kamaikidwa ndi sudo apt install trash-cli popanda kudya bando yambiri.

Ubwino wake umaonekera dzanja likaterereka. Munthu amene akufuna kuchotsa mafayilo osafunika amalemba rm *.tmp, kutanthauza mafayilo onse omwe mayina awo amathera ndi .tmp, koma chala chikangogunda mpata umodzi pakati pa kanyenyeziko ndi kadontho, lamuloli limasanduka rm * .tmp, ndipo mafayilo onse a mufodamo, kuphatikizapo lipoti la kasitomala lomwe linali kudikira kusindikizidwa, amapita. Mutakhala kuti munalemba trash-put, lamulo lochotsera la trash-cli, m'malo mwake, palibe chotayika. Mafayilo amasamutsidwira ku ~/.local/share/Trash, komwenso bini ya pa desktop imasungirako zinthu, ndipo mukalemba trash-restore mumaona mndandanda wokhala ndi manambala, tsiku lomwe fayilo iliyonse inachotsedwa, ndi foda yomwe inachokera. Mumangosankha nambala, fayiloyo n'kubwerera pamalo pake ndi dzina lake lomwe. Yerekezani ndi PhotoRec, pulogalamu yofufuza mafayilo ofufutidwa, yomwe anthu amathawirako rm ikawononga: imatenga nthawi yaitali, imabweza mafayilo opanda mayina awo enieni, ndipo pa disiki ya mtundu wa SSD kawirikawiri sipeza kanthu chifukwa TRIM, njira yoyeretsera malo a mafayilo ochotsedwa, imakhala itayeretsa kale malowo.

Komabe kapulogalamuka kali ndi zofooka zomwe mwini malo ayenera kuzidziwa. Malo pa disiki sabwerera kufikira mutalemba trash-empty, choncho pa makompyuta akale okhala ndi disiki yaying'ono ndi bwino kuzolowera trash-empty 30, yomwe imachotsa zokhazo zimene zakhala mu bini masiku oposa 30. Vuto lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la ma flash. Fayilo ya pa flash ikachotsedwa ndi trash-put, sichoka pa flashyo koma imalowa mu foda yobisika yotchedwa .Trash-1000, kapena nambala ina malinga ndi akaunti yomwe mukugwiritsa ntchito. Kasitomala amadandaula kuti flash yake yadzadza ngakhale wachotsa zinthu, ndipo choipa kwambiri n'chakuti chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena kalata ya kubanki yomwe ankaganiza kuti yafufutidwa imatha kuwerengedwa ndi aliyense wobwereka flashyo. Pa zikalata zotere rm ndi yoyenererabe, ngakhale nayonso imangochotsa dzina la fayilo n'kusiya zamkati mwake pa disiki mpaka zitalembedwapo zina.

Ena amasintha makonzedwe kuti akalemba rm izichita ntchito ya trash-put, koma mlembi wa pulogalamuyi mwiniwake salimbikitsa zimenezi, ndipo ndikugwirizana naye, pakuti amene wazolowera kuti rm imabweza adzalira tsiku lomwe adzagwire kompyuta ina yopanda makonzedwewo. Kwa amene safuna kuika kalikonse, rm -I imafunsa kamodzi musanachotse mafayilo oposa atatu kapena foda yathunthu, koma yankho la inde likaperekedwa palibenso njira yobwezera.