Ulendo wa pa bwato ndi kugona pa kachilumba ku Elephant Marsh: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Nyenyezi zinayi zimene ndikuperekazi pafupifupi zonse ndi za bambo amene ankapalasa bwato lathu. Yachisanuyo yatayika chifukwa cha nkhani ya mtengo ndi zogonera, ndipo ndifotokoza bwino kuti ophunzira anzanga amene mukufuna kupitako musakadzidzimuke.

Tinali kagulu ka anthu a kalasi imodzi pa koleji ina ku Blantyre. Semesita inali itafika pakati, mayeso ena atangotha, ma asayimenti ena akudikira, aliyense maso ali gwa. Tinkafuna malo oti tinyamuke Loweruka m'mamawa, Lolemba tipezeke m'kalasi. Za ku Likoma tinazisiya msanga chifukwa Ilala imazungulira kamodzi pa sabata, ndipo matumba athu sakanapirira. Mnzathu wina wa ku Muona ndiye anatiseka kuti tikufunira chilumba kutali pamene kwawo kuli zilumba zambirimbiri m'dambo la Elephant Marsh, m'chigwa cha Shire. Anatilumikiza ndi anyamata amene amakonza maulendo a pa bwato kuchokera pa mudzi wa Mchacha James, ndipo ndemangayi ndi ya ntchito yawoyo.

Kufikako: minibasi yochoka ku Blantyre imatsika mapiri okhotakhota aja, inu n'kutsikira pa Thabwa musanawoloke mlatho wa Kamuzu. Pamenepo mumalowa msewu wa East Bank. Malo ena ndi abwino, malo ena fumbi ndi mabampu, kenako njinga yamoto ya kabaza imakufikitsani padoko. Okonza ulendo anatidikira ngakhale tinachedwa, apa ndiwayamike.

Tsono za bambo opalasawo. Ndi achikulire, msodzi wobadwira komweko, olankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja. Tisanakwere anatiyika m'bwato mmodzimmodzi molingana ndi thupi la munthu, n'kutiuza mwachidule kuti, "Ana anga, dzanja lisalowe m'madzi, ndipo wina asaimirire kuti ajambule." Ife tinkangowatcha madala. Poyamba ndinkaona ngati ndalama imene tikulipira ndi ya bwato, koma titalowa m'mabango ndinazindikira kuti tikulipira zimene zili m'mutu mwawo. Dambo limeneli ndi lalikulu, mahekitala oposa 60,000, ndipo njira zake sizikhala malo amodzi. Gumbwa amaduka n'kumayandama, namasupuni amatseka pamene panali podutsa mwezi watha, madzi akakwera tinjira tina timatseguka, akaphwa timafa. Kuyambira pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, pamene mtsinje wa Ruo unasiya njira yake yakale, dera la Makhanga linasanduka chilumba ndipo mchenga unasintha malo ambiri kumunsiko. Madalawo ankatiloza pamene kale pankadutsa mabwato, lero pali minda ya mbatata. Kwa ife mabango onse ankaoneka ofanana, koma iwo ankakhota mosakayika, nthawi zina kusiya nkhafi n'kutenga mtengo wautali wokankhira pamene madzi achepa.

Mvuu anaziona ife tisanaone kanthu. Anangoti tikhale chete, n'kupatuka kudzera kanjira kena, ndipo patapita kanthawi m'pamene tinamva kufwenthera kwake kumbuyo kwathu. Sanayese kutiyandikitsa kuti tisangalale, ngakhale mmodzi wa ife anapempha. Munthu wina angati anatimana chithunzi chabwino. Ine ndikuti apa m'pamene ndinawakhulupirira.

Njovu musakayembekezere. Dzina loti Elephant Marsh, kutanthauza dambo la njovu, linachokera kwa David Livingstone, amene podutsa mu Shire mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 pamalo amenewa, koma lero mulibe. Ofuna njovu apite ku Majete. Kuno n'kwa mbalame: akakowa, atsekwe, nkhwazi ikulira pamwamba pa migwalangwa, ndi timbalame tina ta miyendo yaitali toyenda pamwamba pa masamba a m'madzi. N'chifukwa chake mu 2017 dambo limeneli linalowa pa mndandanda wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse wotchedwa Ramsar, lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Mnzathu wophunzira za chilengedwe anakhala pafupi ndi madalawo ulendo wonse, akufunsa maina a nsomba ndi mbalame, ndipo sanatope naye.

Chilumbacho chisakupusitseni ndi zithunzi za ku Cape Maclear zimene mumaona pa Facebook. Kulibe mchenga woyera, kulibe bala, kulibe magetsi. Ndi kamtunda kouma pakati pa madzi pamene asodzi amamanga misasa yawo, kuyanika nsomba ndi kuwamba milamba. Fungo la utsi ndi nsomba limakulandirani musanatsike. Ine ndinakukonda choncho. Chakudya chinali pa mtengo umene tinagwirizana, ndipo chinaposa zimene tinkayembekezera: nsima ya mgaiwa yotentha, mphende zongovuulidwa kumene zootcha pamakala, ndi mlamba wa msuzi wa tomato. Mayi amene anatiphikira anatiwonjezera nsima osatiwerengera mitanda, chinthu chimene mwana wa pa koleji sachiiwala msanga. Anationetsanso nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene anthu a kuno amakumba chaka cha njala, ena mpaka kugwidwa ndi ng'ona pofunafuna. Titamva zimenezo phokoso lathu la mayeso linachepako pang'ono.

Zimene sizinandisangalatse ndi izi. Mnyamata amene tinkalankhula naye pa foni anatchula mtengo umodzi, ife n'kusonkha, n'kutumiza theka pa foni ngati chikole. Pobwerera padoko nkhani inasintha: akuti ndalama ija inali ya ulendo wa masana, kugona kuli ndi mtengo wake, nkhuni zilinso ndi mtengo wake. Tinakambirana mpaka tinakumana pakati, koma zinawawa chifukwa ena anatsala ndi ya minibasi yokha. Madala aja sanalowererepo, ankangoyang'ana kumbali, ndipo zinkaoneka kuti iwo amene agwira ntchito yaikulu salandira gawo lalikulu. Tinawapatsa kangachepe m'manja mwawo. Inu mukamapita, mtengo wa chilichonse ulembedwe pa WhatsApp musanatumize ndalama, ndipo funsani mwachindunji ngati kugona, chakudya ndi ulendo wobwerera zili momwemo.

Zogonera nazo n'zofunika kukonza. Tenti imodzi inali yong'ambika pakhomo, maneti ena obooka, ndipo udzudzu wa m'chigwa cha Shire suchita nthabwala. Dzuwa likangolowa umatuluka ngati wachita kuitanidwa ku msonkhano. Amene tinanyamula maneti athu tinagona, ena anachezera kudziomba mbama. Kuno malungo ndi ambiri, choncho neti yanu, mafuta othamangitsa udzudzu ndi malaya a manja aatali musasiye. Chimbudzi n'chongokumba kuseri kwa mabango. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi analipo ochepa kuposa chiwerengero chathu, ndipo pa ichi sindingawakhululukire, chifukwa pagulu pathu panali anthu osadziwa kusambira. Muwauze chiwerengero chanu ndipo mukane kukwera ngati sakukwana.

Kusamba m'madzimo iwalani, ngakhale kutenthe bwanji. Ng'ona zilipo, likodzo liliponso. Madzi akumwa gulani okwanira pa Thabwa kapena ku Blantyre konko. Netiweki imabwera n'kuthawa. Mnzathu wina amene anali ndi asayimenti yoti atumize Lamlungu usiku anazunguliratu chilumba chonse foni ili m'mwamba, osaphula kanthu, mpaka anakatumizira kumtunda pobwerera. Za kuwerenga musadzinamize. Tonse tinanyamula manotsi, palibe anatsegula.

Nyengo yopitira ndi yofunika kuiganizira. Ife tinapita m'miyezi yozizira, ndipo ngakhale choncho masana kunkatentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'bwato mulibe mthunzi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi musayerekeze n'komwe: ndi nthawi ya madzi osefukira, ndipo amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Nsanje ndi Chikwawa mu Malichi 2023 akudziwa chifukwa chake. Bwato lizinyamuka m'mamawa kwambiri, mbalame zisanabisale komanso mphepo isanayambe.

Kodi ndingapitenso? Inde, koma ndingapemphe madala omwewo, ndipo ndinganyamule tenti yanga. Usiku umodzi ndi wokwana. Wachiwiri udzudzu ndi kusowa kwa madzi osamba zingakutopetseni kuposa mabuku amene mwathawa. Amene simukonda kugona pansi, tengani ulendo wa m'mawa wokha, mudye nsomba pachilumba, mubwerere kukagona ku Nchalo kapena pa boma pa Chikwawa. Ndipo Lamlungu chokani pachilumba dzuwa lisanakwere, chifukwa magalimoto a mu msewu wa East Bank amachepa masana, ndipo mukachedwa, amene ali ndi kalasi ya 8 koloko Lolemba akhoza kupezeka akugona pa Thabwa.