Madamu a suweji ndi galimoto zopopa zimbudzi: ntchito yabwino yomwe ikufera matope

Kwa tauni yaing'ono yopanda ndalama zogulira makina akuluakulu, madamu osefera madzi a suweji (madzi onyansa ochokera m'zimbudzi ndi m'nyumba) ndiye njira yomwe timaivomereza ndi mtima wonse. Safuna magetsi, ndiye kuthimathima sikuwakhudza. Amadalira dzuwa ndi kutentha, zomwe kuno sitisowa. Koma ntchito imene anthu amalandira nthawi zambiri siifika pomwe madamuwa angafike, ndipo chimene chimaipha ndi matope, kutanthauza nyansi zodikha pansi.

Madzi akafika amayamba adutsa pa zitsulo zotchinga zinyalala. Apa pamakodwa matewera, nsanza, majumbo ndi zitsononkho. Pamafunika munthu wochotsa zimenezi tsiku ndi tsiku, chifukwa pakatsekeka madzi amasefukira m'mbali n'kulunjika kumtsinje osasefedwa.

Kenako amalowa m'damu loyamba, lakuya mamita 3 kapena 4. Amakhalamo masiku owerengeka, zolemera zonse n'kudikha pansi, ndipo nyengo yotentha damu limeneli palokha limachotsa nyansi zoposa theka. Lachiwiri n'losaya, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo ndere za m'menemo zimatulutsa mpweya wothandiza tizilombo todya nyansi. Omaliza ndi a mita imodzi, kuti dzuwa lilowerere ndi kupha majeremusi. Ulendo wonse umatenga milungu itatu kapena inayi.

Damu loyamba liyenera kukokoledwa matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake, zomwe zimachitika pa zaka ziwiri mpaka zisanu. Ntchitoyi ndi imene imazengerezedwa, poti bajeti yake siioneka. Matope akadzaza, madzi amangodutsa pamwamba osadikha, katundu yense n'kugwera damu lachiwiri. Simufunika labotale kuti muzindikire. Damu lachiwiri likakhala bwino limabiriwira ndipo silinunkha kwenikweni. Likalemedwa limasanduka lotuwa kapena lofiirira, fungo lake ngati dzira lovunda, ndipo m'mphepete mumamera udzu momwe udzudzu umaswanirana.

Mbali ya galimoto zopopa ndi yomwe imatikhumudwitsa kwambiri. Zimabwera, zimapopa msanga, pakhomo n'kukhala poyera. Komano matope a m'chimbudzi chokumba ndi okhuthala kutalitali poyerekeza ndi madzi a m'mapaipi, moti mathanki angapo akakhuthulidwa m'damu lachiwiri amapha ndere zonse. Malo ake ndi mabedi owumitsira: amchenga pamwamba, miyala pansi, matope n'kuyalidwa masentimita 20 mpaka 30, n'kusiyidwa milungu iwiri kapena itatu m'chilimwe. Madalaivala ena safika n'komwe kumadamu, amakakhuthula kudambo usiku kuti apulumutse dizilo. Zimenezi n'zosakhululukika, chifukwa kumunsi kwa dambolo amayi akuchapa, ana akusamba, ndipo madimba a mpiru ndi tomato akuthiriridwa madzi omwewo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake ndi yomweyi, kuchokera kuchimbudzi kufika kumadzi akumwa.

Ngakhale madzi ooneka oyera amatuluka m'madamu ali ndi nayitirojeni ndi fosiforasi, zomwe ndi manyowa a zomera za m'madzi. Amene anaonapo namasupuni atadzadza mu Shire pa Liwonde akudziwa mmene chomerachi chimakulira chikapeza chakudya, n'kuphimba madzi mpaka nsomba kusowa mpweya.

Mukaitana galimoto kudzapopa sepitiki thanki yanu, imirirani pomwepo. Atsegule chivindikiro chachikulu cha chipinda choyamba, osati kungolowetsa paipi pa kabowo n'kukoka madzi okha, matope n'kutsala. Asiye matope pang'ono pansi, monga masentimita 10, akhale mbewu ya tizilombo. Munthu asalowemo, mpweya wa m'menemo umakomola pa kamphindi. Ndipo musanalipire, funsani dalaivala komwe akukakhuthula, akuonetseni lisiti la kumadamu la ulendo wake wapitawo.