JSTOR kapena Internet Archive, bandulo yanu ithere kuti?

Kwa ife amene timakonda kuwerenga zinthu zozama, mbiri, zaluso, chikhalidwe, za nyama ndi zomera, koma sitili pa yunivesite ndipo ndalama yoitanitsira buku kunja palibe, malo a pa intaneti amene timathera ndi awiri basi, JSTOR ndi Internet Archive. Onse ndi a ku America, onse mutha kuwagwiritsa ntchito osalipira, koma zimene amakupatsani ndi zosiyana kutalitali, ndipo ndimaona anthu akukakamira amodzi okha kenako n'kumatsutsa anzawo mwamphamvu pa gulu ndi mfundo zoti akatswiri anazisiya kalekale.

Ndiyambe ndi Archive poti ndi imene imakopa msanga. Anaiyambitsa Brewster Kahle mu 1996 ku San Francisco, ndipo chimene chimatikhudza ife owerenga ndi choti amajambula mabuku tsamba ndi tsamba n'kuwaika pa intaneti. Buku likakhala lakale loti umwini wa wolemba unatha mumangodina n'kutenga PDF yonse, osatsegula akaunti, osafunsidwa kanthu, ndipo likalowa mu foni ndi lanu basi, magetsi athime netiweki ithawe inu mukuwerengabe. Za kwathu kuno zilimo zambiri kuposa mmene mungaganizire. Muli buku la David ndi Charles Livingstone la 1865 lofotokoza ulendo wawo wa pa Zambezi ndi Shire mpaka kufika ku nyanja mu 1859, muli British Central Africa ya Harry Johnston ya 1897, muli dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott wa ku Blantyre Mission ya 1892, imene kunena zoona si dikishonale wamba chifukwa pa mawu amodzi amatha kukufotokozerani mwambo wonse kapena masewera ena ake ndi ziganizo za anthu a nthawi imeneyo, mumangozindikira ola latha mukungotsegula masamba.

Koma apa mpamene pali msampha. Johnston sanali mlendo wongodutsa ndi kope m'manja, anali Komishinala woyamba wa boma la atsamunda, ndi amene ankatumiza asilikali kwa Makanjira ndi kwa Jalasi, ndi amene anapachika Mlozi ku Karonga mu 1895, nde akamalemba za anthu amenewa akulemba ngati wopambana nkhondo amene akufuna a ku London amuombere m'manja. Za zomera ndi mbalame analemba mosamala ndithu, koma akafika pa anthu zina mumachita kuika foni pansi kaye chifukwa cha chipongwe. Archive sikuuzani zimenezi, imangokupatsani bukulo mmene linasindikizidwira, palibe wokuchenjezani kuti tsamba ili linatsutsidwa. Munthu wowerenga za mu Archive zokha amatuluka akudziwa mayina ambiri ndi zaka zambiri koma maganizo ake ali a mu 1897.

Mabuku atsopano alimo koma ndi obwereka, mumatsegula akaunti n'kubwereka kwa ola limodzi, kuwerengera pa sikirini pomwepo, likatha ola mubwerekenso. Ndipo chiwerengero chawo chinatsika kwambiri makampani osindikiza mabuku, motsogozedwa ndi Hachette, atawina mlandu mu 2023, apilo inakanikanso mu 2024, mabuku oposa 500,000 anachotsedwa pa obwereketsa. Nde musadabwe mukapeza chikuto cha buku chilipo koma batani lobwerekera palibe.

Zina ziwiri zazing'ono. Ma PDF awo ndi olemera chifukwa ndi zithunzi za masamba, buku limodzi litha kukumwerani bandulo ya tsiku lonse, choncho ngati simukufuna zithunzi tengani fayilo ya mawu okha imene amailemba kuti Full Text, ndi yopepuka kwambiri ngakhale kompyuta imene inawerenga masambawo imasokoneza mawu a Chichewa moseketsa. Komanso posaka muzikumbukira kalembedwe kakale, Mulanje ankalemba Mlanje, nyanja ena Nyasa ena Nyassa, mukasaka ndi kalembedwe ka lero muona ngati mulibe kanthu.

Tsopano JSTOR. Iyi inayamba mu 1995 ndi thandizo la Mellon Foundation, ndipo chuma chake chenicheni si mabuku koma ma journal, nkhani za akatswiri zimene anzawo amayamba aziunika zisanasindikizidwe. Mukatsegula akaunti yaulere ndi imelo yanu amakulolani kuwerenga nkhani 100 pa mwezi, zomwe ndi zambiri, sindikuona amene angamalize zimenezo ali ndi ntchito ndi ana. Chowawa chake n'choti ndi akaunti yaulereyo zambiri mumangowerenga pa intaneti pomwepo, kudawuniloda ayi, nde bandulo ikatha pa tsamba 12 nkhani yathera pompo, ndipo pa foni yaing'ono masamba aja mumachita kukoka ndi zala uku ndi uku mpaka maso kuwawa. Pa laputopu zimakhalako bwino. Komanso ma journal ambiri amachedwa, za zaka zitatu kapena zisanu zapitazi nthawi zambiri zimakhala zisanalowe.

Ngakhale zili choncho ine JSTOR ndimaiika pamwamba, ndipo chifukwa choyamba ndi journal imodzi yokha, The Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ikutchedwa The Nyasaland Journal, ndipo ilimo kuyambira koyambirira. Kwa munthu wokonda kudumphadumpha mitu ngati ine palibe china chofanana nayo, mu kope limodzi mupeza nkhani ya mbiri ya mafumu, ina ya mbalame, ina ya mapiri, ina ya zofukula pansi. Zoyambirirazo analemba kwambiri ndi azungu a m'boma ndi a m'maesiteti, fungo la utsamunda lilimo, koma mukamapita chakuno mumaona mayina a kwathu akulowa ndipo kafunsidwe ka mafunso kakusintha, kusinthako pakokha ndi mbiri yoti munthu aiwerenge. Kuonjezera apo muli Journal of African History imene inayamba mu 1960 ndi Journal of Southern African Studies ya 1974.

Kuti muone kusiyana tengani nkhani ya Amaravi. Mu Archive mupeza zimene apaulendo anamva n'kulemba, aliyense ndi zake, wina akuti ufumu unali waukulu wina sakuutchula n'komwe. Pa JSTOR mupeza mkangano weniweni, Kings Phiri, Harry Langworthy, Matthew Schoffeleers ndi Malyn Newitt akulimbana ndi funso loti ufumu wa Kalonga unayamba liti, Lundu ndi Undi anapatuka bwanji, ndipo tikhulupirire kwambiri ziti pakati pa mbiri yapakamwa ndi makalata a Apwitikizi. Sagwirizana, ndipo ubwino wake ndi umenewo, mumaphunzira mmene umboni amauyezera osati kungoloweza yankho. Pamwamba pa zonsezo panabwera zimene Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, mikanda yagalasi, zamkuwa, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zoti munthu wa mu 1897 sakanazilota. Za Chilembwe ndi 1915 n'chimodzimodzi, za njala ya 1949 n'chimodzimodzi, zolembedwa nthawi yomweyo ndi mbali imodzi chabe ya nkhani.

Pa za chilengedwe mpikisano umasintha pang'ono chifukwa pamalowa wachitatu, Biodiversity Heritage Library, imene malaibulale a nyumba zosungira zachilengedwe ndi minda ya zomera anaipanga mogwirizana. Mabuku ake ambiri amasungidwa pa Archive pomwepo, koma kusaka kwake ndi kwanzeru, mumalemba dzina la sayansi la chomera kapena nsomba n'kukuonetsani masamba amene dzinalo likupezeka. Lembani Widdringtonia whytei, mkungudza wa ku Mulanje umene unapatsidwa dzinali mu 1894 polemekeza katswiri wa zachilengedwe Alexander Whyte, muona nokha. Kungoti pa sayansi zakale zimakalamba msanga kuposa pa mbiri, mayina amasintha, chambo m'mabuku akale ali m'gulu la Tilapia pomwe lero ali mu Oreochromis, ndipo mitundu ya mbuna ndi utaka yodziwika inachuluka kwambiri kuchokera nthawi imene Ethelwynn Trewavas ankalemba za nsomba za m'nyanja yathu mu 1935. Nde zakalezo werengani chifukwa cha zojambula zake zokongola ndi kudziwa mmene zinayambira, koma musakatsutse nazo munthu wa za nsomba ku Monkey Bay.

Pa zaluso ndinene mosabisa, onse awiri amakhumudwitsa. Nkhani ya zojambula imafuna mtundu ndi kukula, ndipo zakale zambiri zinasindikizidwa zakuda ndi zoyera kenako n'kujambulidwanso, nde mukamawerenga za mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006, pomwe nkhani yonse yagona pa kusiyana kwa zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, chithunzi chotuwa chikuthandizani chani? JSTOR imapambanako chifukwa ili ndi African Arts, magazini ya ku yunivesite ya UCLA ku America yoyamba mu 1967 imene zithunzi zake ndi zabwino. Za luso la maiko ena, Egypt, China, Ulaya, pitani ku MetPublications ya Metropolitan Museum ku New York, amapereka mabuku awo ambiri aulere a mitundu yonse, koma chitani zimenezo pa wifi. Za Gule Wamkulu zokha, ngati mungakwanitse thiransipoti, tsiku limodzi ku Chamare Museum ku Mua likupatsani zimene sikirini singakupatseni.

AJOL (African Journals Online) ndingoitchula mwachidule, ndi ya ma journal a mu Africa muno, inayamba mu 1998 ndipo imayendetsedwa ku South Africa, muli Journal of Humanities ya ku Zomba ndi Malawi Medical Journal, zambiri mumadawuniloda ulere ndipo ndi zopepuka. Ubwino wa nkhani zake umasiyana journal ndi journal, muzisankha. Ndipo amene akufuna poyambira pa mbiri ya Africa yonse asavutike, General History of Africa ya UNESCO ili pa webusayiti yawo ulere, mu voliyumu 5 muli mutu wa dera la kumpoto kwa Zambezi ndi nyanja ya Malawi umene analemba Kings Phiri, Owen Kalinga ndi H.H.K. Bhila.

Mmene ndimachitira ine, ndimayamba pa JSTOR ndi nkhani imodzi yabwino, ndimayang'ana timanotsi tam'munsi tija kuti wolembayo akudalira ndani, akatchula buku lakale ndimakalitenga ku Archive n'kuona ndekha ngati analigwira mawu molondola, bandulo ikakhala yochepa ndimatenga la ku Archive masana kuti usiku ndiwerenge popanda netiweki. Ndipo amene muli ndi mwana kapena m'bale pa koleji, mufunseni ngati laibulale yawo ili ndi JSTOR, chifukwa mu 2006 JSTOR inatsegulira ulere masukulu ndi mabungwe osachita malonda a mu Africa, komanso kuno malaibulale amagwirizana kudzera mu bungwe lawo la MALICO, nde pa wifi ya pasukulu nkhani yomweyo imene inu mukuikoka ndi zala kunyumba imakhala ndi batani lodawunilodera.