QGIS pa kafukufuku wobwezeretsa anthu pakati pa mizinda: ndi yaulere, koma imafuna maso

Kafukufuku wofuna kubwezeretsa moyo pakati pa mzinda amayambira pa funso la malo: mafakitale otsekedwa ali kuti, nyumba zosanja zimene anthu anazithawa zilipo zingati, ndipo anthu akabwereramo adzayenda mtunda wotani kuti apeze basi, sukulu kapena mthunzi? Mafunso otere amayankhidwa pa mapu, ndipo QGIS, pulogalamu yojambulira ndi kusanthula mapu yomwe Gary Sherman anaiyamba mu 2002, imaikwanitsa ntchitoyi popanda kulipira laisensi. Imayenda pa Windows, macOS ndi Linux. Pokopera sankhani mtundu wolembedwa LTR, chifukwa umakhala nthawi yaitali ukungokonzedwa zolakwika, pamene mitundu ina imasintha pakangopita miyezi yochepa ndipo mapulagini ena (tizipangizo towonjezera pa pulogalamuyi) amatsalira m'mbuyo.

Kupeza misewu ndi nyumba n'kosavuta. Pulagini ya QuickOSM imakoka zonsezi kuchokera ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu ongodzipereka, bola musapemphe mzinda wonse nthawi imodzi, chifukwa seva imadula pempho likachedwa. Gawani mzindawo m'zigawo.

Pamene ambiri amagwera ndi pa miyeso. Zinthu zochokera ku OpenStreetMap zimabwera mu EPSG:4326, momwe mtunda umawerengedwa m'madigiri, osati m'mamita. Mukalemba 400 mu Buffer, chida chojambula dera lozungulira malo, poganiza kuti ndi mamita 400 kuzungulira siteji ya basi, pulogalamuyo imamva madigiri 400, ndipo digiri imodzi yolowera kumpoto kapena kummwera ndi makilomita pafupifupi 111. Chenjezo lilipo, koma ndi kachizindikiro kakang'ono m'mbali mwa bokosi, kosavuta kukadumpha. Choncho musanayeze chilichonse, dutsitsani leya iliyonse (gawo la mapu, monga la misewu kapena la nyumba) mu Reproject layer n'kuiika mu UTM ya dera lanu, muyeso wowerengera m'mamita: manambala a EPSG oyamba ndi 326 ndi a kumpoto kwa ikweta, oyamba ndi 327 ndi a kummwera. Kudina Set layer CRS (CRS ndi muyeso wa malo, monga EPSG:4326 kapena UTM) sikuthandiza, chifukwa kumangosintha dzina la muyeso, manambala ake osasintha, ndipo leyayo imakagwera kwina padziko. Samalaninso ndi EPSG:3857 ya mapu a pa intaneti. Imeneyi imaoneka ngati ili m'mamita, koma imakulitsa malo mukamatalikira ikweta, moti pa madigiri 60 malo amaoneka aakulu kanayi. Mahekitala a malo ongokhala owerengedwa motero ndi abodza, ngakhale mapuwo akongole bwanji.

Pa funso la mtunda woyenda wapansi, Buffer yokha siikwanira. Imajambula bwalo ngati kuti munthu amadutsa mumpanda, pa njanji ndi pamtsinje. Chida choyenera ndi Service area, chomwe chimatsata misewu yeniyeni. Kusiyana kwake kumakhala kwakukulu m'madera akale a mafakitale, momwe mpanda umodzi ungatseke njira ya mamita mazana angapo, ndipo madera amenewa ndi omwe kafukufukuyu amawafuna kwambiri. Vuto la chidachi n'lakuti mizere iwiri ya msewu ikapanda kukhudzana ndendende, chimaganiza kuti njira yathera pomwepo. Topology tolerance, mpata umene chidachi chimalola pakati pa mizere, imayambira pa 0. Ikwezeni pang'ono, mita imodzi kapena awiri. Mukaikweza mopitirira, imalumikiza misewu yomwe pansi siikumana. Onetsetsaninso kuti tinjira tachidule ta anthu oyenda pansi tili pamapupo, chifukwa m'mizinda yambiri sitinajambulidwe tonse.

Pa zobiriwira, Raster calculator imagwira bwino ndi zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zomwenso ndi zaulere. NDVI, nambala yosonyeza kuchuluka kwa zomera, imapezeka pochotsa B4 (gawo la chithunzi la kuwala kofiira) mu B8 (la kuwala kwa infrared) kenako n'kugawa ndi kuphatikiza kwa ziwirizo. Apa pali msampha umene QGIS siitchula n'komwe. Kuyambira mu Januwale 2022, manambala a m'zithunzizi anawonjezeredwa 1000. Yang'anani dzina la fayilo: mukaona N0400 kapena nambala yoposa pamenepo, chotsani 1000 pa B4 ndi B8 musanawerengere. Mukapanda kutero, NDVI imatsika, ndipo poyerekeza ndi chithunzi chopanda chiwonjezerocho mungalembe kuti mitengo yatha pomwe palibe mtengo wadulidwa. Yerekezani zithunzi za nyengo yofanana ya chaka. Kadontho kamodzi ka chithunzi ndi mamita 10 mbali zonse, choncho mapaki ndi magombe a mitsinje amaoneka, koma mtengo umodziumodzi wa m'mbali mwa msewu umasochera.

Za mafayilo n'zachidule. Sungani mu GeoPackage, osati Shapefile, yomwe imadula maina a makolamu pa zilembo 10 ndipo siipitirira 2 GB. Fayilo ya pulojekiti ya .qgz siinyamula deta, imangokumbukira komwe detayo ili, ndiye potumizira mnzanu tumizani foda yonse. Clip kapena Intersection, zida zodulira leya, ikakana ponena kuti pali invalid geometry (zojambula zolakwika), yambani ndi Fix geometries. Ikamachedwa pa nyumba zikwizikwi, pangani kaye spatial index, kalozera wothandiza pulogalamuyi kupeza zinthu msanga.

Chodetsa nkhawa kwambiri si cha pulogalamuyi payokha, koma chimabwera nayo. Kuchokera kumwamba, nyumba yosiyidwa ndi nyumba yokhalamo mabanja makumi awiri osalembedwa m'kaundula zimaoneka chimodzimodzi. Denga silinena mwini wake, lendi yake, kapena amene adzasamutsidwe ntchito yokonzanso ikayamba. Mapu olembedwa kuti "malo ongokhala" akafika kukhonsolo amakhulupiriridwa msanga, ndipo ovutika amakhala anthu amene sanaonekepo. N'chifukwa chake QGIS iyenera kuyendera limodzi ndi QField, yomwe imatengera pulojekiti yomweyo pafoni ndipo imagwira ngakhale popanda netiweki. Konzani fomu yokhala ndi mayankho osankha, monga yokhalamo anthu, yogwiritsidwa ntchito pang'ono, yopanda munthu, kuti ofufuza asalembe aliyense zake, ndipo nyumba iliyonse ijambulidwe chithunzi ndi tsiku lake.

Kwa ophunzira, ofufuza ndi maofesi okonza mizinda omwe ndalama zawo n'zochepa, QGIS ndi yokwanira ndithu. Wongoyamba kumene adzipatse masiku oyamba ophunzira za CRS zokha, ndipo asanakhulupirire nambala iliyonse ayeze pamapupo chinthu chodziwika kukula kwake, monga bwalo la mpira, aone ngati zikugwirizana.