Jezi ya Bayer Leverkusen ndi mbiri yomwe yanyamula

Jezi ya timu ya mpira wamiyendo ya ku Germany ya Bayer Leverkusen, yamitundu yofiira ndi yakuda, ndi yopepuka ndipo siichedwa kuuma ikachapidwa, koma chomwe chinandikopa kwambiri ndi chizindikiro cha pachifuwa. Pakati pake pali dzina la Bayer lolembedwa mopingasa ngati mtanda, monga limaonekera pa mapiritsi a Aspirin, pamodzi ndi chaka cha 1904, pamene ogwira ntchito pa kampani yopanga mankhwalayi ku Germany anayambitsa kalabu yawo yamasewera. Kampaniyo ndi mwini wake wa timuyi mpaka lero. Mtengo wa jezi yeniyeni ndi wokwera, komabe kwa amene anaonera timuyi ikutenga ligi koyamba mu 2024 osagonjako, motsogoleredwa ndi mphunzitsi Xabi Alonso, ndalamayo siipweteka kwenikweni.