Ku Cusco pa Ndege Kapena pa Basi?

Ukafika ku Lima, likulu la dziko la Peru, ndi chikwama kumsana, pali njira ziwiri zopitira ku mzinda wa Cusco. Pa ndege ndi ola limodzi ndi theka chabe. Vuto lake, Lima ili m'mphepete mwa nyanja pomwe Cusco ili pamtunda wa mamita 3,400. Mnzanga amene anakwera ndege anatsika mutu ukuwawa, akakwera masitepe atatu okha n'kumapuma wefuwefu. Kudwala kumeneku, kobwera chifukwa chokwera pamtunda kwambiri, kumeneko amati soroche, ndipo kogona alendo amakulandira ndi tiyi wa masamba a coca.

Ine ndinasankha basi, maola oposa 20. Tinadutsa chipululu cha Nazca, kenako usiku wonse kukhotakhota m'mapiri a Andes kulowera ku Abancay. Mpando umagona ndithu, bulangete amapereka, koma pa khona iliyonse mseru unkandigwira, mazenera ali zii kuzizira. Kutacha ndinaona zigwa zakuya zomwe wa pa ndege sazidziwa. Komabe musanamizike, basi sikuteteza ku soroche, chifukwa msewuwo umakwera kupitirira mamita 4,000.

Ndikadzapitanso ndidzadzera ku mzinda wa Arequipa, pa mamita 2,300, ndikagone masiku awiri thupi liyambe lazolowera.